Mwamuna Wobwereka wa ku Sikelo

"Kizito, ndiwe njoka! Mimba imene unaiperekeza ku sikelo dzulo ndi ya ndani?"

Ndinaponya mawuwo pagulu, pa steji ya akabaza pa Nsipe, amayi ogulitsa tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu akumva. Sindinatsitse mawu ngakhale pang'ono. Amene amandidziwa ine Lufina amadziwa kuti ndikapsa mtima sindisankha malo.

Kizito anali atanyonyomala, akupopa tayala la njinga yake. Anaimirira pampu ili m'manja, nkhope itagwa. Uyu ndiye mwamuna amene ankhoswe ake amayenera kukumana ndi amalume anga Loweruka la sabata yomweyo kuti akonze za chinkhoswe chathu.

"Lufi, tiye tikayankhulane kuseri kwa golosale uko."

"Kuseri? Ku sikelo unapitira kuseri?"

Ndinamuika foni pamphuno. Chithunzicho anali atanditumizira Sibongile, mtsikana wa m'kwaya ya kutchalitchi kwathu amene wakhala akumufuna Kizito kuyambira kalekale. Pansi pake analemba kuti: "Sisi, sikuti ndikufuna kupasula zanu, koma taonani amuna anu." Pachithunzipo Kizito anali atakhala pa benchi ya pachipatala, pakati pa amayi oyembekezera. Pambali pake panali mzimayi wofunda chitenje kuyambira kumutu, atapereka msana. Mzimayiyo sindinamuyang'ane kawiri. Maso anga anali pa dzanja la Kizito, limene linagwira kachikwama ka mzimayiyo ngati lazolowera.

"Aise, wagwidwa!" anakuwa Steve, kabaza mnzake, ali pachishalo cha njinga. "Tizikuitana kuti abambo a ndani tsopano?"

Anzakewo anafa nacho chiseko. Kizito sanaseke.

"Ndi ine amene ndili pamenepo," anatero. "Sindikukana."

"Sibongile akuti anamwino atafunsa kuti bambo a mimbayi ali kuti, iwe unaimika dzanja. Ndi zoona?"

"Ndinaimika."

"Ndiye mimbayo ndi yako."

"Si yanga, Lufi. Pali Mulungu."

"Mulungu umusiye, ali ndi ntchito zambiri. Ngati si yako, ndi ya ndani? Mzimayiyu ndani?"

Anayang'ana pansi, kenako n'kundiyang'ana m'maso. Maso akewo ndi amene anandigwetsa m'chikondi chaka chatha, tsiku limene tcheni cha njinga yake chinaduka atandinyamula ndipo anandiperekeza wapansi mpaka kwathu akupepesa njira yonse. Koma tsiku ili masowo anandinyansa.

"Sindinganene. Ndinalonjeza."

"Unalonjeza! Ndipo ine sunandilonjeze kanthu?"

Ndinamasula chitenje chimene ndinamanga pamwamba pa siketi, chimene anandipatsa monga chikole, ndi kuchiponya pa keliyala ya njinga yake. Ndinatembenuka. Ndisanafike n'komwe pa mlatho, ndinatumiza chithunzicho kwa amalume anga a Nathan, ankhoswe anga, ndi kwa achimwene anga a Maynard amene ali ku Joni. Ndinalemba mawu awiri okha: "Taonani mkamwini."

*

Kunyumba ndinapeza mayi akutonola chimanga pamkeka. Alamu anga a Esnath, akazi a achimwene a Maynard, anali chapatali akupeta, atavala chijuzi chachikulu chifukwa cha chisanu cha Juni. Kwawo ndi ku Bwanje, kotentha, ndipo chiwatengereni kuno kumtunda sanazolowere mphepo yathu.

Ndinawaonetsa mayi chithunzicho. Anachiyang'ana chapatali, maso atatsinzina pang'ono monga achitira akasiya magalasi m'nyumba, n'kubweza foni.

"Ndinanena ine," anatero, akupitiriza kutonola. "Wakabaza amanyamula aliyense. Lero wanyamula uyu, mawa uyo. Iwe n'kumati ayi mayi, Kizito ndi wofatsa. Kufatsako ndi kumeneku."

"Mayi, musawonjezere."

"Ndikuwonjezera chiyani? Austin mwana wa anaMaseko akumanga nyumba ya malata, ali ku Joni limodzi ndi mchimwene wako, wakhala akufunsa za iwe. Bambo ako anakumba mgodi mpaka chifuwa chinawapha kuti ana awo asamadye mphepo. Ndiye iwe ukakwatiwe ndi pampu?"

"Nkhani yake ndi yotani kodi, alamu?" anafunsa a Esnath, mawu ali pansi.

"Kizito wapereka mimba," ndinayankha. "Dzulo anali ku sikelo ndi mkazi wake wobisa."

Lichero linawapulumuka. Mphale inamwazika pansi, nkhuku n'kuthamangira.

"Esnath, manja ako alowa chiyani masiku ano?" anakalipa mayi, koma anawayang'ana nthawi yayitali, mwa mtundu wina umene sindinaumvetse. "Kakhale pansi. Lufina atola."

Ndinalowa m'kachipinda kanga n'kudziponya pabedi. Foni inalira. Unali uthenga wa Kizito.

"Lufi, chitenje chako ndachipinda, chili m'chikwama changa. Sichinade."

Inaliranso.

"Wadya koma? Ukakwiya sudya, kenako mutu umakupweteka."

Ndinalemba: "Kafunse mkazi wako wa ku sikelo ngati wadya."

"Ndilibe mkazi wina. Ndikudziwa kuti zikuoneka zoipa. Undipatse nthawi."

"Nthawi yoti abereke?"

Panapita kanthawi. Kenako: "Inde."

Ndinathimitsa foni. Ndinalira, ndipo chimene chimandipweteka kwambiri sichinali mimbayo ayi. Chinali choti munthu wondinamiza chonchi amakumbukirabe kuti ndikapanda kudya mutu umandipweteka.

*

M'mawa mwake ndinapita kudimba kukathirira mpiru. Ndinkafuna malo opanda anthu, poti nkhani inali itafika kale pamjigo. Ndili mkati mothirira ndinamva mapazi kumbuyo. Anali a Esnath, akuyenda pang'onopang'ono, akupuma ngati akwera phiri pamene njira ya kudimba ndi yotsetsereka.

"Alamu, ikani kheniyo pansi. Tikhale apa."

Tinakhala pa mzere wa nzimbe. Anavula masilipasi. Mapazi awo anali otupa ngati mikate, zala zitabisika.

"Alamu, mapaziwa bwanji?"

Anagwira dzanja langa, lonyowa choncho, n'kulilowetsa pansi pa chijuzi chija, kuliika pamimba pawo. Panali pouma, potukuka. Ndisanatsegule pakamwa, kanthu kena kanagunda chikhatho changa kuchokera mkati. Kamodzi. Kenako kawiri.

"Mzimayi wa pachithunzi uja ndine," anatero.

Mawu anandithera. Ine amene pakamwa sipauma.

"Ndi ya achimwene anu, ya pa Khirisimasi paja anabwera. Ndinauza mayi okha, mwezi woyamba womwe. Anandigwira pakamwa. Anati, Esnath, ziwiri zija tinazilengeza, anthu anazimanga. Iyi usauze munthu, ngakhale mwamuna wako, poti Maynard akamwa amauza Joni yense. Ku sikelo usapite mpaka ionekere yokha, chifukwa pa benchi paja pamakhala maso a mudzi wonse."

Ziwiri zija ndinkazidziwa. Yoyamba inapita padera. Yachiwiri inafika pafupi ndi kumapeto, a Esnath anakomoka kumunda, ndipo mwana anabadwa osalira. Amayi akuluakulu anakamuika m'mamawa kudambo, popanda nyimbo. Mayi anga anakhala osadya pafupifupi sabata. Tijuzi timene analukira mwanayo ankatisungabe m'sutikesi ya malemu bambo.

"Ndinawamvera," anapitiriza a Esnath. "Mayi sakundida, alamu, akuopa. Koma mwezi uno mapazi ayamba kutupa, mutu ukundiwawa kutsogoloku, nthawi zina maso amachita chidima. Ndi momwemo zinayambira ulendo uja. Ndinati ayi, ndikangokhala ndikaikanso wina kudambo."

"Ndiye bwanji osandiuza ine?"

Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Inu? Mukanakalipira mayi tsiku lomwelo mpaka a ku Mlangeni akanamva."

Sindinatsutse.

"Ndinanamizira kuchigayo, ndinakwera njinga ya a Kizito. Titafika pachipatala, wolandira anthu pakhomo anati amene mukuyamba sikelo mubwere ndi amuna anu, ngati palibe mubweretse kalata ya amfumu. Ndinati amuna anga ali ku Joni. Anati ndiye kwa amfumu. Alamu, kupita kwa amfumu ndi kuuza mudzi wonse. Ndinatuluka, ndinakakhala pansi pa mtengo ndikulira. A Kizito anali asanachoke. Anandifunsa, ndinawauza zonse. Kenako anatsamiritsa njinga pa mtengo n'kunena kuti, tiyeni alamu, lero Maynard ndine."

Ndinaphimba nkhope ndi manja.

"Anamwino atandiyeza anasintha nkhope. Anati magazi akuthamanga kwambiri. Anandipatsa mapiritsi, anati sabata ino isathe ndisanapite kuchipatala chachikulu ku boma, ndipo miyezi ikayandikira ndikakhale kuchidikiro, ndisayerekeze kudikirira kunyumba. Kenako anawakalipira a Kizito kuti bambo inu mumadikira chiyani miyezi yonseyi, mukufuna kupha mkazi wanu? Iwo anangoti, pepani amayi, ndalakwa."

"Anapepesa?"

"Chipewa chili m'manja. Pobwerera ndinawapempha kuti asauze munthu, ngakhale inu, mpaka nditaona njira youzira mayi. Analonjeza. Usiku wathawu sindinagone, alamu. Sindingalole ukwati wanu uthe chifukwa cha mimba yanga."

Ndinawakumbatira. Tinalira tonse awiri pakati pa mpiru, kamwanako kakugundagunda pakati pathu ngati kakufuna kulowerera nkhani. Kenako mtima wanga unayambanso kutentha. Mzimayi wotupa mapazi, woika kale mwana m'manda, kumubweza pakhomo la chipatala chifukwa alibe mwamuna pambali? Kodi amene amayezedwa pa sikelo ndi mwamunayo? Amuna a m'midzi yathu ino theka ali ku Joni. Ndiye akazi awo azibwereka amuna ngati mpando wa pamaliro?

Pamenepo ndi pomwe ndinakumbukira. Ndinatulutsa foni, ndinaiyatsa, ndinatsegula uthenga uja ndinatumizira achimwene. Timizere tiwiri tinali titasanduka kale tobiriwira. Anali ataona, koma sanayankhe kanthu.

"Nkhope sikuoneka," ndinadzilimbitsa mtima. "Sangadziwe."

A Esnath anangovala masilipasi awo movutikira.

*

Kizito sindinamupeze pa steji. Steve anandilozera ndi mlomo kunjira ya kusukulu. "Ali uko, akudandaula ngati nkhuku yonyowa. Pita bwino, usakamumalize."

Ndinamupeza pansi pa mtengo wa mbawa, njinga ataigoneka, akusenda nzimbe imene samadya. Atandiona anaimirira msangamsanga ngati waona aphunzitsi.

"Ngati wabwera kudzapitiriza, dikira ndikhale kaye pansi," anatero.

"Alamu andiuza."

Anapuma mpweya wautali, n'kukhaladi pansi. Ndinakhala pambali pake. Kupepesa ine kumandivuta ngati kumeza mwala, ndiye ndinangomulanda nzimbeyo n'kuyamba kudya.

"Ndiye kuti wakhululuka?" anafunsa.

"Ine ndi amene ndikhululuke? Kizito, ndinakutcha njoka pamaso pa Nsipe yense."

"Steve akuti dzinalo landikhala. Akuti alilemba pa madigadi a njinga yanga."

Ndinaseka, kenako kusekako kunasanduka kulira. Anandikokera paphewa pake. Malaya ake ankanunkha thukuta ndi girizi, fungo limene ndinali nditalisowa ngati kuti tinasiyana chaka.

"Pepa," ndinanong'ona.

"Ukanakhala kuti sunakwiye ndikanadabwa. Ndikanati mwina sundikonda."

"Koma bwanji osangondinong'oneza? Ukanati, Lufi, ndi alamu ako, khala chete."

"Iwe kukhala chete?" Anandiyang'ana chammbali. "Komanso sinali nkhani yanga. Mzimayi akakuuza za pathupi pake wakusungitsa moyo. Sungaupereke kwa wina, ngakhale amene umamukonda."

Anatulutsa chitenje chija m'chikwama, chopindidwa bwino, n'kundifunditsa m'mapewa. Kenako anandionetsa chala chake cha pakati.

"Ukuona apa? Anandibaya. Akuti bambo ndi mayi ayezedwe magazi limodzi. Ine jakisoni ndimamuopa kuposa apolisi apamsewu, koma ndikanathawa bwanji, alamu akundiyang'ana? Zotsatira zili bwino, ngati umafuna kudziwa. Tsiku lina tipite tonse, ndikakugwira dzanja. Ndine katswiri tsopano."

"Katswiri wa sikelo."

"Usaseke. Ndaphunzira zambiri. Mutu ukamawawa kwambiri, nkhope ndi manja zikatupa, maso akachita chidima, magazi akaoneka, osadikira kuti kuche. Kunyamula basi, ulendo." Anawerenga pa zala zake, nkhope itauma ngati ali pa mayeso. "Anamwino anatifunsa amuna tonse mmodzimmodzi. Ine ndinakhoza zonse. Abambo ena enieni analephera."

Ndinamuyang'ana. Ndinaganiza za tsiku lina kutsogolo, ine ndili pa benchi imeneyo, kachikwama kanga kali m'dzanja limeneli.

"Ukundiyang'ana chiyani?"

"Palibe. Ndikuona bambo a ana anga."

Anachita manyazi mpaka anayamba kukonza belu la njinga limene silinawonongeke.

"Mawa tiwatengere alamu ku boma," anatero patapita kanthawi. "Ndayankhula ndi wa minibasi. Koma ulendo uno upite ndiwe, ine ndikhala kumbuyo. Ndipo Lufi, anthu alankhule zimene akufuna za ine mpaka mwanayo abadwe. Dzina limachapika. Loweruka likalephereka, kuli Loweruka lina."

"Ayi. Iwe sunalakwe, alamu sanalakwe. Bwanji osalakwa ndi amene azibisala?"

"Chifukwa mayi ako akuopa, ndipo mantha awo ali ndi manda."

Kenako ndinamuuza zoti chithunzi chija ndinatumiza kwa amalume ndi kwa achimwene. Dzanja lake linaima pa belu paja.

"Kwa Maynard?"

"Nkhope sikuoneka, Kizito."

"Lufi," anatero mofatsa, "iwe utafunda chitenje n'kundipatsa msana pakati pa anthu chikwi, ukuganiza kuti ndingakusowe?"

Anadzutsa njinga. "Kwera."

*

Tinafika dzuwa likupendeka. Pakhonde panali njinga ya amalume a Nathan, ndipo eni akewo anali pampando, chipewa chili pabondo. Mayi anali pamkeka, chitsononkho m'manja. A Esnath anali atakhala pansi potsamira khoma, dzanja lili pachipumi. Foni ya amalume inali pakati pa bwalo, pamwamba pa mtondo wovundikira, ndipo mawu a achimwene a Maynard amatuluka mmenemo ngati a munthu woledzera ndi ukali.

"Ndikuti mkazi wanga ndimamudziwa, amalume! Khosi limenelo, mapewa amenewo, kakhalidwe kopendekera kumanzere. Ndi Esnath ameneyo! Ine ndikunyamula matumba a simenti kuno, kugona anthu asanu m'chipinda chimodzi, iye ali ku sikelo ndi wakabaza!"

Amalume atationa anatambasula dzanja. "Iwe mnyamata, ima pomwepo. Njinga yakoyo isalowe pabwalo pano."

Kizito anaima kunja kwa mpanda wa maluwa, anavula chipewa.

"Achimwene, ndi Lufina," ndinathamangira pa foni paja. "Mimbayo ndi yanu. Kizito anangowathandiza chifukwa kuchipatala amawabweza. Ndinalakwitsa kutumiza chithunzicho ndisanafunse."

"Dzulo unati taonani mkamwini, lero wasintha nyimbo? Wakunyengerera chiyani wakabazayo?"

"Abambo a kunyumba," anayankhula a Esnath, "ndi yanu, ya pa Khirisimasi. Mulungu akudziwa."

"Yanga? Timayankhulana Lamulungu lililonse, Esnath. Umandiuza za mbuzi, za feteleza, za denga lodontha. Za mimba yanga osandiuza miyezi yonseyi? Mkazi amabisira mwamuna wake mimba ikakhala ya ndani?"

A Esnath anayang'ana mayi. Mayi anayang'ana chitsononkho.

"Ine ndamva mbali zonse," anatero amalume, akukonza pakhosi. "Mnyamatayu anavomera pamaso pa anamwino kuti ndiye bambo. Anthu anamva. Ngati zili choncho, za Loweruka zatha, ndikatumiza uthenga kwa ankhoswe ake. Ndipo a Esnath awa mawa akwere ya ku Bwanje, akadikire kwawo mpaka mwini wake abwere, tidzakambe mlandu."

"Mawa akuyenera kupita kuchipatala ku boma!" ndinakuwa. "Taonani mapazi awo, amalume! Ku Bwanje mukawatumize kuti akafere m'njira?"

"Lufina, ukuyankhula ndi amalume ako," anatero mayi, osadzutsa mutu. Anali mawu awo oyamba.

"Bambo," anayankhula Kizito ali kumpanda kuja, "ine mundiweruze mmene mungafunire. Koma alamuwa apite kuchipatala kaye. Anamwino anati..."

"Alamu ako ndani?" anabangula achimwene mu foni. "Ndikupeza, Kizito! Basi ya Lachisanu ndakwera!" Anapuma mwamphamvu. Kenako mawu awo anatsika, anasanduka a mwana wamng'ono. "Mayi. Mayi, muli pomwepo? Inu simunandinamizepo. Mumakhala naye nyumba imodzi. Mukandiuza inu ndikhulupirira. Mimbayi mumaidziwa?"

Bwalo lonse linati zii. Ngakhale nkhuku zinali zitalowa m'khola.

Ndinawayang'ana mayi. Ndinaona zinthu ziwiri zikukokana pankhope pawo. Akanena, aitchula mimbayo ndi pakamwa pawo, pabwalo, mphepo ikumva, chinthu chimene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndicho chinawalanda adzukulu awiri. Akakhala chete, mdzukulu akhala wobisika, ndipo wakabaza amene samamufuna achoka yekha popanda iwo kumuthamangitsa.

A Esnath anabuula pang'ono, anatsinzina, n'kugwira mutu ndi manja onse awiri.

Ndinkafuna kukuwa. Mmero wanga unali utadzaza kale mawu oti akanafika ku Mlangeni. Koma ndinapita pamkeka paja, ndinagwada, ndinawachotsa chitsononkho chija m'manja n'kugwira manja awowo. Anali ozizira.

"Mayi, ndikudziwa kuti mukuopa. Nanenso kudambo kuja ndimakukumbukira. Koma mwana uyu wandigunda m'dzanja lero, ali moyo, ndipo amene akumuika pangozi si anthu a pamjigo ayi, ndi kukhala chete kwathu. Alamu anakuuzani inu oyamba. Inu ndi amene munawatseka pakamwa. Kizito wanyamula manyazi a nyumba ino pa njinga yake, osatchula dzina lanu ngakhale kamodzi."

Msozi unatsika pa tsaya la mayi. Sanaupukute.

"Mayi?" anaitananso achimwene. "Mayunitsi akutha. Mayi?"

Ndinatenga foni ija pamtondo, ndinaiika m'manja mwa mayi, ndinaitsekera ndi manja anga kuti asaigwetse.

"Mwana wanu akufunsa. Mpongozi wanu mutu ukumuwawa, ndipo mwamuna amene ndimamukonda waima kunja kwa mpanda ngati wakuba. Sindichoka pano, mayi. Mimba ya alamu ndi ya ndani? Yankhani!"